Kachikopa ka pamsongolo

Mlongo wanga anabayidwa ndi chitsa pamsongolo akulima m'munda wa thonje kwathu, kum'mwera kwa Katete. Bala linapola, koma pamalopo panamera tinjerewere. Dzinja lachitatu lisanathe tinali titagundana n'kukhala chinthu chokakala, chotuwa, chachikulu ngati chikhatho.

Pamudzi anati ndi khate. Palibe anapima. Anamupatsa chikho chake ndi mbale yake, n'kumumangira kakhumbi kuseri kwa nkhokwe. Ana ake awiri anawaletsa kugona naye.

Ine ndinali nditangoyamba ntchito ku Fort Jameson. Nditabwera patchuthi ndinapita naye kuchipatala cha mishoni pamodzi ndi amalume, eni mbumba yathu. Dokotala anamutseketsa maso n'kumukhudza pachotupapo ndi kathonje. Anamva. Anamubaya ndi singano, iye n'kudumpha.

"Khate silitero," anatero dokotala kudzera mwa womasulira. Anapempha kudula kachikopa kochepa ngati njere ya chimanga, kuti akatumize ku Lusaka akakaone ndi makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso.

Amalume anadzuka pabenchi. Inali nthawi ya Chitaganya, ndipo m'midzi munali mphekesera zoti azungu akusaka magazi ndi mnofu wa anthu.

"Nyama ya mwana wa mlongo wanga ikwere basi, mwiniwake atsale? Ameneyo akufuna chizimba."

"Malume, ndi mwendo wanga," anatero mlongo wanga.

"Mwendo ndi wako, iweyo ndiwe wanga. Tiye."

Ine, wa sitandade sikisi, wodziwa kuwerenga chikwangwani chilichonse pamsewu, ndinangonyamula kamtolo kake tikubwerera.

Anakhala m'kakhumbi kaja zaka zina zinayi. Mlamu wanga, mwamuna wake, anali mkamwini. Anapirira chaka chimodzi, kenako anatenga khasu, nkhwangwa ndi bulangeti lake n'kubwerera kwawo ku Sinda, kumene anakwatira wina. Ana anawatenga amayi athu aang'ono.

Amalume atamwalira, ulamuliro pa mbumba unagwera ine. Maliro atangotha tinabwerera kuchipatala. Kudulako sikunatenge nthawi yoposa yometa ndevu. Anabaya jakisoni, anacheka, anasoka kawiri, n'kuponya kachikopako m'kabotolo ka mankhwala onunkha. Yankho linabwera mwezi usanathe: m'chikopamo anapezamo timibulu tofiirira ta mtundu wina wa chuku chokhala m'dothi ndi m'mitengo yowola, cholowa m'thupi pabala. Nthendayi ndi yosowa, ndipo munthu sapatsira mnzake.

Dokotala anati chotupacho chikadali chaching'ono akanachidula chonse. Tsopano chinali chitazungulira mwendo mpaka m'bondo, ndipo mankhwala ochithetsa analibe.

Ndinawerenga kalatayo pabwalo, m'Chingerezi kenako m'Chichewa. Anthu anagwedeza mitu. Mayi wina anati, "Chabwino, achimwene, si khate. Nanga bwanji sichipola?" Ena anaseka.

Madzulo ake mlongo wanga anaitana mwana wake wamkazi, yemwe tsopano anali wamsinkhu wosinja, kuti adye naye. Mtsikanayo anabwera, anagwada mwaulemu pakhomo, n'kukhuthula ndiwo m'mbale ya amake osaigunda, monga anamuphunzitsira amayi aang'ono aja. Kenako anapita kukasamba m'manja ndi phulusa.

Mlongo wanga anandiyang'ana.

"Achimwene, kapepala kanuko sungani. Kakanabwera tsiku lija munanyamula kamtolo."