Zala Zachikasu za Stanford

Stanford Chimbalanga anatsika basi pa Uliwa mu 1974, mwezi wa Okutobala, atamanga tayi. Tayi, kutentha konse kuja! Ife tinangoti uyu sachedwa kupsa. Anali mnyamata wa ku Ntcheu, wamtali ngati mlongoti, ndipo boma linamutumiza kusekondale kumene ine ndinkaphika nyemba, kuti azithandiza aphunzitsi a sayansi m'labotale. Masiku amenewo munthu sunkafunsa chifukwa chake akukuponya kutali. Unkangoika khadi la chipani m'thumba n'kukwera.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma iye anaumirira kundiphunzitsa. Ankatola khala n'kujambula pakhoma la khitchini yanga kanthu ka ngodya zisanu ndi imodzi.

"Achimwene Lyson, ili ndi bwalo la benzini. Yerekezani amayi asanu ndi mmodzi ogwirana manja pagule. Bwalolo simuliswa ayi. Mumangovula mmodzi duku n'kumuveka lina. Mukamuveka ili mwapeza utoto wa nsalu, mukamuveka ilo mwapeza mankhwala a mutu."

"Nanga amuna awo akuti chiyani?" ndinkafunsa ine, iye n'kupukusa mutu.

Duku limene ankakonda kuveka amayiwo linkachokera mu asidi wa naitiriki. Ankadontheza pang'onopang'ono, botolo lili m'beseni la madzi ozizira, chifukwa zinthuzo zikakumana zimadzitenthetsa zokha. Madzi a pampopi kuno amatuluka otentha ngati tiyi, ndiye ankabwera kudzapempha a mumtsuko wanga. Labotale yonse inkanunkhira polishi wa nsapato. Magolovesi analipo, koma ankati amamuphika manja, choncho zala zake zinasanduka zachikasu ngati za munthu wopichira fodya pa nyuzipepala. Chonsecho Stanford fodya sankamudziwa n'kukoma komwe.

Kenaka anaona Towera, mtsikana wa ku Vinthukutu amene ankabweretsa nthochi kukhitchini kwanga. Kuyambira pamenepo madzi ozizira ankafunika m'labotale tsiku lililonse la nthochi. Atagwirizana awiriwo, Stanford anandipempha kuti ndikhale thenga wake, munthu womulankhulira kuchikazi, poti Chitumbuka chake chinkathera pa "yewo".

Bambo ake a Towera, a Morton Kayira, anali mlimi wa mpunga ndiponso mkulu wa mpingo. Mowa ankadana nawo, koma fodya ankadana naye kuposa Satana. Za ng'ombe za malowolo tinamvana bwino. Vuto linabwera tsiku limene ndinapita naye mwini wake kuti akamuone. Anabweretsa madzi osamba m'manja, Stanford n'kutambasula zala. Mkulu uja anaziyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kunena mawu amodzi: "Yayi."

"Adada, ndi za kuntchito izi," ndinatero.

"Lyson, ndakula ndikuona zala za anthu osuta. Mwana wanga sakatsokomolera m'nyumba ya munthu wabodza."

Stanford anabwerera atafota. Anakhula zala ndi mandimu, ndi mchenga, ndi mwala wotsukira mapazi. Ine ndinamuuza kuti ayese phulusa la pamoto wanga, ndipo phulusalo linangozikoleza, zinafika pofanana ndi papaya wakupsa. Akuti ankadziwa kuti zitero, koma munthu wachikondi amamvera ngakhale wophika. Kudikira kuti khungu lisupuke sikukanathandiza, chifukwa a Kayira akanangoti wasiya kusuta kuti awapusitse. Komanso kunali kalaliki wina wa ku Boma, wa zala zoyera, amene anali atayamba kudutsadutsa ku Vinthukutu panjinga.

Stanford anandituma ndikafotokoze kuti m'khungu la munthu aliyense muli timabwalo tomwe tija, ndipo asidi akatikhudza amativeka duku lachikasu. Ndinapita, ndinafotokoza mmene ndinathera. Nditafika pa amayi ovina, mayi ake a Towera anathawira kuseri kwa nkhokwe kukaseka.

A Kayira sanaseke. "Ukuti aliyense? Ngakhale ine amene sindinagwirepo fodya chibadwire?"

"Ngakhale inu, adada."

"Abwere nawo madzi akewo. Adzandidontheze pano." Anaonetsa chala chachikulu cha kumanja.

Stanford atamva anakhala pansi. Kuwotcha apongozi ndi asidi ukwati usanachitike! Koma analibe kothawira. Loweruka tinapita, kabotolo atakakulunga m'nsanza, ine nditanyamula ndowa ya madzi. Stanford anazengereza kudontheza mpaka mkuluyo anamudzudzula m'Chichewa chake chokhotakhota: "Iwe mnyamata, thira, sindine dzira." Chala chija chinali chokakala ndi khasu ngati chikopa cha ng'ombe. Kadontho kamodzi, kenaka msangamsanga m'ndowa. Posakhalitsa chikasu chinatuluka, chowala bwino.

Mkuluyo anachiyang'ana nthawi yaitali. "Chichoka liti?"

"Pakapita masabata angapo, bambo," anayankha Stanford ndi mawu a mwana.

Apa m'pamene a Kayira anakumbukira kuti mawa lake inali nthawi yawo yolalikira. Munthu amene ankaloza anthu ndi dzanja lamanja pa guwa analalikira tsiku limenelo dzanjalo lili m'thumba la jekete, akutsegula Baibulo ndi lamanzere. Ine ndinakhala kutsogolo dala. Koma ulaliki utakoma anaiwala, anatulutsa dzanja n'kulikweza m'mwamba, ndipo amayi a kumbali yakumanzere anayamba kugwedezana ndi zigongono.

Anaona kuti aonedwa. Anatseka Baibulo, anakweza chalacho kuti aliyense achione bwino, n'kunena kuti: "Ichi si fodya. Ndi mankhwala a kusukulu. Amene wandipaka ndi mkamwini wanga, uyo wakhala kumbuyoyo, ndipo nayenso sasuta. Wina ali ndi funso?"

Panalibe funso. Stanford anaimirira osadziwa chochita ndi manja ake, Towera anabisa nkhope m'buku la nyimbo.

Anakwatirana mpunga utakololedwa. Stanford sanabwererenso ku Ntcheu. Anagwira ntchito m'labotale muja mpaka kupuma, anaphunzira Chitumbuka chothyokathyoka chimene tinkamuseka nacho mpaka imvi, ndipo tinamuika ku Vinthukutu, pafupi ndi apongozi ake. Towera alipo, amagulitsabe nthochi pamsewu. Ndikamadutsa amandipatsa ziwiri, n'kundiuza kuti ndinali thenga wachabechabe.