Matayala a apongozi

Alufeyo Kachigamba sanali wakuba, ndipo wonena zimenezo abwere adzandiuze pamaso. Anali mkamwini kwathu ku Mlonyeni, munthu wa jekete limodzi koma losita bwino. Zaka zimene alimi wamba analoledwa kupita okha ndi fodya ku okushoni, sitolo ina ya magalimoto ku Lilongwe inamulemba ntchito yoyenda m'midzi kusaka ofuna mapikapu.

Chomuvuta chinali mphatso za ogula. Kampani yopanga magalimotowo, kunja uko, sinkakhazikika pa lonjezo limodzi. Mwezi uno matayala anayi aulere, koma kwa ogula ya dizilo okha. Mwezi wamawa sevisi yaulere, koma ukatenga sevisi, za matayala iwalako. Pena ankati sitolo iyambe yagulitsa magalimoto okwanira, apo ayi palibe wolandira kanthu. Ngakhale mabwana akewo ankangokanda mutu.

Chaka china fodya wa apongozi ake aakazi, mayi Anasi, anayenda bwino, ndipo anafuna pikapu. Tsono kwathu kuno mkamwini sakhala pamphasa imodzi ndi apongozi n'kumalongosolerana nkhani. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Choncho Alufeyo ankauza mkazi wake Enifa, Enifayo n'kukauza amake. Alufeyoyo ananena bwinobwino kuti matayala adzakhalapo akagula ya dizilo Juni asanathe, komanso sitolo ikagulitsa mokwanira. Zonsezo zinatayikira m'njira. Mayi Anasi anangomva zoti matayala ndi aulere, basi.

Ndalama za fodya zinachedwa. Anagula mu Julayi, ya petulo, poti inali yotsikirako mtengo. Matayala osaoneka.

Mudzi unayamba manong'onong'o, ati mkamwini wakagulitsa matayala ku Chipata. Kutchalitchi anamuchotsa pa usungichuma wa kwaya mwakachetechete. Ine ndinamuuza kuti atenge ankhoswe akafotokoze mutu wa nkhani. Anakana, ati kutero n'kuulula kuti mkazi wake ndiye anapotoza uthenga, ndiponso kuti apongozi sanamvetse. Zinandinyansa, kunena zoona. Ulemu wanji wodziwotcha nawo wekha?

Anagulitsa ng'ombe zake ziwiri za pangolo, nakagula matayala anayi atsopano ku Lilongwe, n'kuwatsitsa pakhomo pa apongozi dzuwa likuswa mtengo kuti aliyense aone. Iye ankati akatero dzina lake liyera.

Mayi Anasi anatuluka, anawagunda ndi phazi limodzilimodzi, kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Waona, Enifa? Analipo matayalawa. Anthu akanapanda kulankhula, sakanawabweza."

Alufeyo anali atanjuta kuseri kwa nkhokwe, chipewa chili m'manja, monga achitira mkamwini waulemu. Anamva zonse. Enifa anayang'ana pansi, ndipo Alufeyo, poti ndi mkamwini, sakanatha kuyankha apongozi.