Tsiku Limene Anamugwira Wongani ku Masasa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa mayi wina amene tinkaimba naye kwaya. Ndinali nditangofika ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndikukhala kwa achemwali anga ku Mzilawaingwe, satifiketi yanga ya zachitukuko cha m'madera ikungogona m'sutikesi. Mayiwo anandiuza kuti kabungwe kena kakufuna munthu woyendera ana olakwira malamulo. Ine m'maganizo mwanga ndinkaona tiana toba maswiti pagolosale.

Amene anandilemba ntchito anali aNyaGondwe, mayi wamfupi wosaseka wamba. Satifiketi ija anangoiyang'ana pamwamba. Anandifunsa ngati ndimatha kukwera zitunda, ngati ndimaopa agalu, ndiponso ngati ndimamva Chitumbuka. Ndinati ndimadziwa "monire" ndi "yewo" basi. Anandipatsa chiphaso chokoleka m'khosi, jombo, ambulera ndi kafoni ka mabatani, nati ndibwere Lolemba.

Ntchito yathu inkayenda chonchi. Mwana wosakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akagwidwa ndi mlandu waung'ono, apolisi kapena bwalo la milandu ya ana ankatha kumutumiza kwa ife m'malo momutsekera. Tinkayamba ndi kucheza naye payekha, kenako kupita kwawo kukaona kumene amagona, amene amamudyetsa ndi amene amayenda nawo. Zikatero tinkaitanitsa mkumano woyanjanitsa: mwanayo, kholo lake ndi munthu amene anamulakwira. Pamenepo ankagwirizana chimene mwanayo achite kuti akonze cholakwa chake. Masana anyamata ankabwera kushedi kwathu kudzaphunzira ukalipentala, kugwira sowo, puleni ndi sikweya. Mbali yanga inali kuwatsatira kumakomo kwawo sabata iliyonse.

Miyezi yoyambirira ndinkayenda mtima uli m'mwamba. Ena mwa anyamatawo anali aatali kundiposa, maso ofiira ndi chamba, zipsera m'mutu. Wina akanyamula tchizulo kushedi ndinkayamba ndaona kumene kuli khomo. Kumakomo nako sankatilandira bwino. Makolo ena ankabisala, ndipo anthu oyandikana nawo ankatinena kuti ndife oikira kumbuyo mbava.

Wongani anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ankakhala ku Masasa ndi amayi ake odwaladwala, ndipo anagwidwa ataba foni ya Mayi Mhango, ogulitsa makala pafupi ndi kwawo. Foniyo inapezeka, koma mkumano wawo unali wovuta. Mayi Mhango analankhula mpaka thovu kukamwa, Wongani ali zyoli, akukanda mpando ndi chikhadabo. Pomaliza anagwirizana kuti m'mawa uliwonse aziwaumbira njerwa zokonzera mpanda wawo umene unagwa ndi mvula. Potuluka mayiwo anandiuza m'maso muli gwa kuti ndisaganize kuti amukhululukira.

Tsiku limene ndikunenali linali Lachinayi. ANyaGondwe anali kukhoti, choncho ndinapita ndekha ku Masasa kukayendera Wongani. Kunali kamvula kowaza kaja ka ku Mzuzu, kosaleka, ndipo wakabaza ananditsitsa pamwamba pa chitunda chifukwa njira inali yoterera. Ndikutsika pansi ndinamva phokoso. Poyamba ndinayesa kuli mpira. Kenako ndinamva mawu amodzi akubwerezedwa, "munkhungu, munkhungu," ndipo amenewo ndinali nditawaphunzira kale kuti ndiye wakuba.

Nditakhota pakona ya nyumba ina ndinaona chigulu cha anthu, amuna, amayi, ngakhale ana a yunifolomu. Pakati pawo munthu anali pansi m'matope atazinga mutu ndi manja. Ndinamuzindikira ndi juzi yake yobiriwira kuti ndi Wongani. Mtsikana wina anandiuza kuti m'mawa womwewo munthu wathyola nyumba ya mphunzitsi n'kuba wailesi yakanema, ndipo anthu atamuona Wongani akudutsa anati wakuba wa dera lino amadziwika kale.

Miyendo yanga inafuna kubwerera kumene ndinachokera. Sindinama, ndinatembenuka. Koma ndinaona mnyamata wina akugubuduza tayala lakutha, mnzake akupopa petulo m'thanki ya njinga yamoto ndi kapaipi n'kumathira m'botolo.

ANyaGondwe ankatiuza kuti zikavuta choyamba ndi foni, chachiwiri osathamanga, chachitatu osayamba kuweruza mlandu pagulu. Ndinaimbira wapolisi amene tinkagwira naye ntchito. Anati galimoto yatuluka, koma ayesetsa. Ndinaimbira aNyaGondwe.

"Pita ukakhale naye pafupi," anatero. "Usakangane ndi munthu. Ingokhala pomwepo, akuone nkhope. Ndikubwera."

Sindidziwa mmene ndinadutsira pakati pa anthu aja. Ndinangopezeka ndagwada m'matope, dzanja limodzi ndagwira lamba wa Wongani, linalo ndakweza chiphaso changa m'mwamba. Magazi ankatuluka m'kamwa mwake. Ankanjenjemera thupi lonse, ndipo anali atadzikodzera. Mnyamata amene ndinkamuopa kushedi uja ankangoitana amayi ake chapansipansi.

Anthu ankandikalipira m'Chitumbuka, ine osamva zambiri. Bambo wina wa jekete lachikopa anasinthira m'Chichewa kuti ndimve bwino. Anati ndichokepo, apo ayi tayalalo likwana anthu awiri. Wina anandikoka chiphaso chija mpaka chingwe chinaduka. Chibuma chinandimenya paphewa. Ndinkamva fungo la petulo likuyandikira, ndipo ndinaganiza za achemwali anga, kuti adzauzidwa bwanji. Mawu amene ndinkatha kutulutsa anali amodzi okha, akuti apolisi akubwera, tidikire apolisi. Mawuwo ankamveka ngati a mwana.

Kenako ndinamva mawu a mzimayi akudula phokoso lonse. Anali Mayi Mhango, manja akuda bii ndi makala, chitenje atamanga m'chiuno. Ndinadziwa kuti ngati pali munthu wofuna kumuona Wongani akuvutika, ndi iwowa. Anakankha bambo wa jekete uja n'kuima pamutu pathu. Analankhula m'Chitumbuka kaye, kenako m'Chichewa.

"Uyu anabera ine, osati inu. Ndipo ndikadali naye mkwiyo chomene. Koma kuyambira kum'mawa anali pakhomo panga akuponda dothi. Ndamutuma ndine kukabwereka chikombole china. Amene akufuna, tiyeni mukaone njerwa zake, sizinaume."

Anthu sanabalalike nthawi yomweyo ayi. Ena ankati mayiwa adyetsedwa ndi bungwe. Koma amayi awiri anapitadi kukaona, nabwerako akunena kuti njerwa zilipo, zaziwisi. Wina analoza miyendo ya Wongani, imene inali ndi dothi lofiira lakudzenje mpaka m'mawondo. Phokoso linayamba kutsika. Mnyamata wa botolo la petulo uja anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka sindinamuonenso. Pamene apolisi ankafika ndi aNyaGondwe, panali patatsala anthu ochepa, aliyense akunena kuti iye wangofika kumene.

Ine ndinali chigwadire m'matope muja. Zala zanga zinali zitaumira palamba uja, moti aNyaGondwe anachita kuzitambasula chimodzichimodzi. Kuchipatala anamusoka Wongani mlomo, ndipo anapezeka kuti wathyoka nthiti ndi dzino. Titatuluka ndinapita kukathokoza Mayi Mhango. Sanafune n'komwe kuti ndikhale pansi. Anati iwo sananene kanthu koposa zimene anaona, ndipo mpanda wawo ukadali wogumuka.

Wongani sanagonenso ku Masasa. Tinamusamutsira kwa amalume ake ku Msongwe, ndipo atachira ankachokera komweko kudzamaliza njerwa zija, ine kapena aNyaGondwe titakhala pambali. Amene anaba wailesi ija sanapezeke. Wongani ukalipentala anaumaliza, ndipo pano amakhoma mipando kwa munthu wina m'tauni. Tikakumana amandipatsa moni mwaulemu, koma za tsiku lija sitinakambiranepo.

Ineyo ndinatha milungu ingapo ndisakugona bwino. Ndikamva anthu akukuwa kumsika, ndinkadzera njira ina. Ndinauza aNyaGondwe kuti ndikufuna kusiya. Sanandikakamize. Anangondifunsa kuti pagulu lija ndinkadziwapo anthu angati ndi maina awo. Ndinati mmodzi, Mayi Mhango.

Sindinasiye, koma kayendedwe kanga kanasintha. Kale ndinkalowa m'dera n'kulunjika kunyumba ya mwana, mutu uli pansi, n'kutulukamo msanga. Tsopano ndisanafike kwa mwanayo ndimaima paokala, pampopi, kwa ometa tsitsi, kwa anyamata a kabaza. Ndimawauza dzina langa, ndimafunsa awo, ndipo ndimawafotokozera chimene mwanayo akuchita kuti akonze mlandu wake. Chitumbuka ndinachiphunzira mwa njira imeneyo. Mantha sanathe, ndipo ndikamatsika chitunda cha ku Masasa ndimayambabe ndatchera khutu. Koma ndinadziwa kuti mwana sitimubweza kwa amayi ake okha. Timamubweza kwa anthu onse amene adzamuone akudutsa tsiku limene kwabedwa kanthu, ndipo pakati pawo payenera kukhala wina wodziwa kumene anali m'mawa umenewo.