Beseni la ku Sweden

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinatsika ndege kudzakhala ndi mayi anga ku Aston, mumzinda wa Birmingham. Kunena zoona, ndinkawadziwa mawu okha a pafoni. Anachoka ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya unamwino kuno ine ndisanayambe sukulu, ndipo amene anandilera anali mng'ono wawo, mayi wa pakamwa pakuthwa koma wa mtima wofewa. Pondiperekeza kubwalo la ndege, amayi aang'onowo anandikokera pambali nkundinong'oneza kuti, "Ukakachita zamwano kumeneko akakubweza pa ndege yomweyi. Usakandichititse manyazi." Iwo ankanena akuseka, koma ine mawuwo ndinawameza amphumphu, ndipo anakhala m'mimba mwanga miyezi ingapo.

M'nyumba ya ku Aston tinali awiri basi, ine ndi amayi, koma tikati tiwerengere ndi magalasi ndiye tinali mudzi wathunthu. Amayi anali ndi matenda otolera magalasi akale a ku Sweden. Sindikunena magalasi a m'maso kapena matambula omwera madzi ayi. Zinali mbale zochindikala, mabotolo oikamo maluwa koma opanda duwa ndi limodzi lomwe, timbalame tonenepa, ndi zina zoti ntchito yake ankaidziwa ndi amene anaziumba yekha. Ankazipeza m'masitolo a zinthu zakale komanso kumisika ina imene anthu amagulitsira katundu m'mabuti a galimoto zawo, yomwe kuno amati car boot.

Kwathu ku Ntcheu zinthu zabwino zinkakhala m'kabati, zokhomeredwa, pamwamba pake kansalu koluka, kudikira tsiku la alendo. Amayi zawo anaziyala poyera, pazenera lalikulu la pabalaza ndi pamashelefu, za buluu pazokha, zobiriwira pazokha, zooneka ngati uchi pazokha. Dzuwa la kuno limatuluka ngati likuchita kukakamizidwa, koma likangoti lasuzumira, khoma lonse linkavala mitundu, ndipo ine ndinkaima kukamwa yasa. Basi ikamadutsa pamsewu, kapena tsiku la mpira anthu akamakhamukira ku Villa Park, magalasiwo ankalira pang'onopang'ono pamashelefu pawo. Lamulo lake linali limodzi: osakhudza. Pabalazapo ndinkayenda zigongono nditazipanikiza m'nthiti.

Ine ndi amayi tinkakhala mwaulemu wa anthu ongokumana m'basi. Ankandifunsa ngati ndadya, ine nkuvomera. Ankandifunsa za kusukulu, ine nkuti kuli bwino. Kenako ankanyamula chikwama ulendo wa kuchipatala. Tsitsi langa sankandiluka okha, ankanditengera kwa mayi wina wa salon. Koma tsiku lopuma ankatsitsa magalasi aja limodzilimodzi, kuliuzira mpweya, kulipukuta ndi kansalu kofewa uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, nkhope ili ngwee. Ndiyankhule mosabisa, ndinkachita nsanje ndi mbale. Makamaka mbale yaikulu ya pakati pazenera, ya buluu wonkera kubiriwira chapansi, yokhala ndi timathovu ta mpweya tozungulira m'kati mwa galasi. Imeneyo ankaigwira ndi manja awiri ngati khanda.

Lamlungu lina kunabwera alendo ochokera ku Foleshill, ku Coventry. Anali a Kachingwe, mkulu wa mpingo wa Amalawi umene amayi ankapempherako, bambo wa imvi woyendera ndodo, pamodzi ndi akazi awo. Anabwera kudzaona mwana wochokera kumudzi, kutanthauza kuti mayeso a tsikulo anali anga. Amayi anachita kulawirira dzulo lake kukagula nkhuku yolimba ngati ya lokolo kubutchala ya Asilamu ku Small Heath, ndipo fungo lake linadzaza nyumba yonse. Ine ndinapereka moni nditagwada, ndinayankha mafunso a zakumudzi, kenako ndinakhala pakona manja ali pamiyendo.

Chakudya chitapsa, amayi anasuzumira pakhomo la kukhitchini.

"Abambo, zapsatu. Bathroom ili upstairs chakumanja, mukhoza kukasamba m'manja. Imani kaye ndikaikeko towel ya clean."

Amayi anakwera masitepe mothamanga. Chipinda chimene ankanenacho ndi chomwecho munali chimbudzi. Munthu wamkulu, mlendo, woyendera ndodo, akwere yekha kukasamba m'manja kuchimbudzi, mwana wamkazi ali khale pakona? Amayi aang'ono akanamva zimenezo akanandikana kuti sindine wawo. A Kachingwe anali atayamba kale kufufuza ndodo yawo.

"Khalani, abambo," ndinatero. "Madzi akubwera."

Kukhitchini ndinapeza beseni limodzi lokha, la pulasitiki, lokolopera, lonunkha mankhwala a pansi. Limenelo ayi. Ndinaphunzitsidwa kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye umamutulutsira chabwino chimene uli nacho. Apa m'mutu mwanga munayera. Ndinaona kuti lamulo la osakhudza lija linali ngati loko wa kabati ya ku Ntcheu, woti amatsekulidwa alendo akafika. Nanga mbale zonsezi zinkadikira chiyani? Ndinapita pazenera mtima uli m'malo, nkutsitsa mbale yaikulu ija ndi jagi yooneka ngati uchi imene inali pambali pake. M'jagimo ndinasakaniza madzi a m'ketulo ndi ozizira, nkuwayesa ndi chala mpaka atakhala ofunda bwinobwino. Ndinatenganso kasopo ndi kathaulo paphewa.

Ndinagwada pamaso pa a Kachingwe, mbale nditaikumbatira ndi mkono wamanzere, jagi kumanja. Anandiyang'ana, kenako anapinda malaya nkutambasula manja. Madzi ankatsika m'zala zawo kugwera m'mbale, ndipo kuwala kwa buluu kunkasewera pachibwano pawo.

"Make mwana," anatero polankhula ndi akazi awo, mawu ali pansipansi, "ine ndinali nditaiwala kuti madzi amatha kumutsata munthu pamene wakhala."

Ndinamva kukoma mpaka kuzala za kumapazi. Ndiye ndinamva masitepe akulira, kenako kuli zii. Nditatembenuka ndinaona amayi ataima pakati pa masitepe, dzanja lili pakamwa, maso ali pambale. Ndinadziwa pomwepo kuti osakhudza ankatanthauza osakhudza, kaya kubwere mlendo, kaya kubwere mfumu.

Mbale ija inali yolemera kale isanalowe madzi. Tsopano inali itadzaza theka, kunja kwake kutanyowa, sopo atayenderera m'mbali, ndipo mkono wanga unayamba kutopa. Kuti ndiitsitse pansi ndinkafunika dzanja lachiwiri, koma linali ndi jagi. Mayi Kachingwe anali atatambasula kale manja awo akudikira. Ndinamva galasi likutsetsereka pang'onopang'ono padiresi langa, ndipo m'maganizo mwanga ndinaona ndege, ndinaona amayi aang'ono akundilandira pa Lilongwe atagwira m'chiuno.

Amayi sanakuwe. Anatsika masitepe otsalawo mwakachetechete, nkudzagwada pambali panga ndi diresi lawo la kutchalitchi. Analowetsa manja awo kunsi kwa mbale, dzanja limodzi likuphimba langa. Linali lofunda, lokhakhala chifukwa cha sopo wa kuchipatala.

"Thira, Tadala," anandinong'oneza. "Ndagwira."

Tinasunthira limodzi pamaondo, ine ndikuthira, iwo atagwira. Mayi Kachingwe anasamba mosafulumira, anapukuta manja, kenako anasuzumira m'mbalemo nkupukusa mutu.

"Sister, mwana uyu analeredwa, musamutaye. Koma beseni lanuli ndiye ayi. Mumagula kuti mabeseni oterewa? Ine ku market sindinalionepo."

"Ndi la ku Sweden," anayankha amayi.

Ndinamva mbale ikugwedezeka ndipo ndinayesa amayi ayamba kulira. Ayi, kunali kuseka. Anaseka mpaka misozi, a Kachingwe nawo analowerera osadziwa nkomwe chimene chikuseketsa, ndipo ine ndinkangoyang'ana uku ndi uku. Aka kanali koyamba kumva kuseka kwa mayi anga kopanda foni pakati. Titatha kudya, manja a aliyense ali noninoni ndi mafuta a nkhuku, amayi anandiyang'ana nkunena kuti, "Tadala, beseni lija." Ulendo wachiwiriwu ananyamula mbale ndi iwo, ine jagi.

Alendo atapita tinatsala awiri kukhitchini. Amayi anayala thaulo m'sinki, anathiramo madzi ofunda, nkundiuza kuti galasi lotere silifuna madzi otentha, limang'aluka. Ndinathokoza chala changa mumtima. Kenako funso linatuluka lokha.

"Amayi, mundibweza?"

Anasiya kutsuka. "Kukubweza kuti?"

Ndinawafotokozera mawu a kubwalo la ndege aja. Anatchula dzina la mng'ono wawo mokhala ngati akumulonjeza zinazake, kenako anapukuta manja nkukhala pampando kuti maso athu alingane.

"Ma-shift onse aja, ma-form onse aja, ndinkavutikira kuti ubwere, ndiye ndikubwezenso? Iwe, ine ndimakuopa. Ndinasiya kamwana kogona pamsana, kwabwera munthu wamkulu waulemu wake, wodziwa zonse. Ndimaopa kuti ndikakuyandikira undifunsa kuti ndinali kuti. Sindimadziwa poyambira."

Sindinawafunse kuti anali kuti. Ndinangoika mutu paphewa pawo, ndipo iwo anayamba kufufuza m'tsitsi langa nkumadandaula kuti mayi wa salon uja amakoka kwambiri. Kenako anatembenuza mbale ija nkundionetsa kunsi kwake, kosalala ngati mwala wa mumtsinje, komwe kunali dzina la amene anaiumba lolembedwa ndi kachitsulo kosongoka, tizilembo tating'ono toti umachita kupendeketsa pakuwala kuti utione. Anandiuza kuti mbale zotere ankaziumba pouzira mpweya m'galasi lamoto, m'timafakitale ta m'nkhalango za dziko lozizira kuposa lino, ndipo timathovu tija anatiikamo dala.

Loweruka lotsatira anandidzutsa m'mamawa, ulendo wa ku car boot. Tinkayenda m'matope pakati pa magalimoto, mpweya ukutuluka ngati utsi m'kamwa, tikudya tchipisi m'pepala limodzi. Anandiphunzitsa kuyesa kulemera kwa galasi m'dzanja, kuyendetsa chala m'mphepete kufufuza pobenthuka, ndi kusaonetsa nkhope yosangalala wogulitsa akuona. Phunziro lomalizali linandikanika. Nditapeza kambalame kobiriwira m'katoni ya masupuni akale ndinalumpha, ndipo amayi anandinena njira yonse yobwerera kuti ndine wamalonda wa chabechabe. Kambalameko anandipatsa kuti ndisankhe ndekha pokaika.

Lero ndili ndi nyumba yanga ku Coventry, ndipo matenda aja ndinatengera. Mazenera anga ndi odzaza, ana anga amayankha m'Chingerezi ndikawalankhula Chichewa, ndipo amagwira magalasiwo ndi manja a jamu. Angapo anabenthuka, limodzi linasweka ndithu, ndipo ndinalira pang'ono kenako nkusesa. Chimene ndikumvetsa tsopano nchakuti munthu ukhoza kuchiopera chinthu mpaka kuchitalikira, ndipo ngati chinthucho chili ndi mtima chimayesa kuti sukuchifuna. Ine ndi mayi anga tinataya miyezi tikuzembana m'kanyumba kakang'ono, aliyense akusamala mnzake. Nchifukwa chake mwana wanga akabwera kusukulu nkhope itagwa, sindidikira kuti ndipeze mawu oyenera. Ndimayamba ndamukumbatira, zofunsa zimabwera pambuyo.