Dothi Latsopano pa Msewu wa ku Bangwe

Kwathu ku Milange, ku Mozambiki, m'zaka za nkhondo, munthu ukakwera galimoto sunkayang'ana mapiri kapena minda ya anthu. Unkayang'ana pansi. Anandiphunzitsa zimenezi ndi bambo anga, amene ankagwira ntchito yokweza matumba a chimanga pa lole. Chitseko usatseke chonse, uzichigwira ndi dzanja kuti zikavuta udumphe. Lole yanu iziponda momwe yaponda inzake yakutsogolo. Ndipo ukaona dothi latsopano pamsewu, ngati pokumba dzulo, ukuwe, ngakhale woyendetsayo akhale wamkulu bwanji. Pansi pa dothi lotero pamakhala mina, bomba lokwirira lija. Ine ndinaonapo lole yakutsogolo kwathu itaponda, pa msewu wa ku Majaua. Sindifotokoza zambiri. Amene analipo akudziwa, amene kunalibe sizingawathandize.

Tauni yathu italandidwa ndi ankhondo a m'tchire, tinawolokera ku Muloza. Bambo anali atamwalira kale. Mayi ndi ang'ono anga anakhala mu kampu ya othawa nkhondo. Ine pulayimale ndinaphunzira kutsidya komweko, monga ana ambiri a m'malire, ndiye Chingerezi chinalipo pang'ono. Azakhali anga, amene anakwatiwa ku Bangwe, ku Limbe, anabwera kudzanditenga. Anandipezera malo a Fomu Wanu, ndipo kusukuluko anakanena kuti ndine wa kwa Limbuli, ku Mulanje.

"Chipwitikizi chako uchisiye m'nyumba muno," anatero. "Akadziwa kuti ndiwe wothawa, akuchotsa sukulu, ubwerera ku kampu. Wamva?"

Kaya lamulo linalidi lotero kaya ayi, sindinafufuze. Ife tinkakhulupirira choncho, ndipo ku kampu kunalibe sekondale.

Sukulu inali kutali, kupitirira Limbe. Amene anandipulumutsa miyendo anali bambo wina woyandikana nafe, woyendetsa galimoto ya buledi. Anali wamfupi, wamimba yaikulu, wolongolola ngati wailesi. M'mawa ankayamba kugawa buledi m'magolosale a ku Bangwe, ndipo pobwerera kutauni ankaliza hutala pakhomo pathu. Azakhali anamupempha kamodzi kokha, iye n'kuvomera.

Blantyre ndinaidziwira m'galimoto imeneyo, ngakhale kunena zoona ndinkaona tara yekha. Bamboyo ankafunitsitsa kundionetsa mzinda wake.

"A Fomu Wanu, taonani maloboti awo. Akafiira timaima, ngakhale mfumu imaima. Taonani nyumba zosanja izo. Kodi mukuyang'ana chiyani pansipo? Mwataya singano?"

"Ayi bambo."

"Ndiye kwa Limbuli anthu ake ndi amanyazi chonchi? Ndipo tsekani chitsekocho. Mukagwa, azakhali anu andidya wamoyo."

Ndinkatseka. Akayamba kukalipirana ndi woyendetsa basi, ndinkatsegulanso mwakachetechete n'kuchigwira.

Ine mtima wapachala ndinabadwa nawo, akazi anga angakuuzeni. Tsiku lina atandiseka kuti ndimayankhula ngati wa m'tchire, ndinamuyankha kuti wa m'tchire ndi amene amadya buledi wa abwana ake mpaka mimba kugunda chiwongolero. Ndinayembekezera kuti anditsitsa. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunyema banzi lotentha, n'kundipatsa theka. Kuyambira pamenepo ndinkadya theka la banzi m'mawa uliwonse, ndipo sindikumbuka kuti ndinathokozapo bwinobwino. Ndinkamukonda, koma ndinkamuopa. Munthu wolongolola chotero akadziwa kanthu, Bangwe yense wadziwa.

Zinachitika m'nyengo ya mvula. Tinkatsika chitunda china cha kufupi ndi kamsika, iye akufotokoza za mpira. Kutsogolo ndinaona mzere wa dothi lofiira utadula tara kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Dzulo lake panalibe. Sindinaganize chilichonse, thupi linachita lokha.

"Para! Para! Mina!"

Ndinakuwa m'Chipwitikizi kuti aime, ndipo ndinagwira chiwongolero n'kuchikokera kwa ine ndi mphamvu zonse. Galimoto inapatuka n'kulowa m'ngalande. Chitseko chakumbuyo chinatseguka, makireti n'kutsetsereka, buledi mbwee m'matope. Pamene ndinkazindikira ndinali nditagona chafufumimba mu udzu, manja kumutu, ndikudikira kuphulika.

Sikunaphulike kanthu. Ndinangomva amayi ogulitsa tomato akuseka.

Anthu anasonkhana msanga. Ana anayamba kutola buledi. Panali bambo wina wovala tayi amene ankadikira basi, ndipo ameneyo sanaseke. Anandiloza.

"Ndamumva ine mwanayu. Wakuwa Chipwitikizi. Ndi wa ku Mozambiki uyu, wothawa. Nanga yunifomuyo waipeza bwanji? Iwe, umaphunzira sukulu iti?"

Ndinadzuka, malaya ali matope okhaokha. Ndinkafuna kumutukwana wa tayiyo. Woyendetsa uja anatuluka akudzisisita pamphumi pomwe anagunda galasi. Anandiyang'ana ine, kenako anayang'ana mzere wa dothi uja, nthawi yaitali ndithu. Ndinaona kuti wamvetsa zonse.

"Chipwitikizi chake chiti, achimwene?" anatero. "Mwana wa mlamu wanga uyu, wa kwa Limbuli. Panadutsa galu apa, ine ndiye ndapatuka. Mwana wachita mantha, basi."

"Galu wake uti? Ine sindinaone galu."

"Mukanamuona bwanji, mumayang'ana mwana wa eni ake? Bwerani mukankhe galimoto, tayiyo siduka."

Amayi aja anaseka kwambiri, koma tsopano ankaseka wa tayi. Anyamata anakankha galimoto n'kuitulutsa. Tinatola buledi amene anatsala. Bamboyo anabwerera m'mbuyo n'kudzera njira ina ya m'makwalala mpaka kusukulu. Ine ndinali wokwiya. Ndinakwiyira dothi, ndinakwiyira wa tayi, ndinakwiyiranso iyeyo chifukwa anandiona nditagona mu udzu ngati nkhuku yoona kabawi.

Madzulo azakhali anali atamva kale kwa amayi a kumsika. Sanandimenye. Anakhala pa mkeka n'kuyamba kulira motsitsa mawu kuti amuna awo asamve.

"Bambo wa bulediyo pagulu wakubisa chifukwa cha manyazi ake," anatero. "Koma ku bekale akamufunsa, akanena chiyani? Iwe wawononga katundu wa eni. Ndani angakukwezenso? Mwana wa achimwene anga, ndikauza chiyani mayi ako?"

M'mawa mwake sindinavale yunifomu. Ndinaika zovala zanga m'thumba n'kukhala pakhonde, ndikuganiza za basi ya ku Muloza ndi nkhope ya mayi anga akandiona ndikulowa mu kampu ndi thumba limenelo. Kenako hutala inalira. Inaliranso kachiwiri, motalika.

"A Fomu Wanu! Lero kuli holide?"

Azakhali anandiponyera malaya aja, amene anawachapa usiku, osauma bwino, n'kundikankhira kunja. Ndinakwera. Pamphumi pa bamboyo panali chotupa ngati dzira. Ndinayamba kunena mawu opepesa amene ndinawakonza, koma anakweza dzanja kuti ndikhale chete.

Ndinaganiza kuti adzera njira ya m'makwalala ija. Ayi, analunjika pa chitunda chomwe chija. Titatsala pang'ono kufika pa dothi, anaimika galimoto pambali n'kuzimitsa.

"Khalani momwemo. Muziyang'ana."

Anatsika. Anapita pa mzere uja n'kuyamba kuyendapo, kuchokera mbali ina ya msewu kufika mbali ina, akuponda mwamphamvu ngati wopondaponda dothi loumbira njerwa. Atafika pakati anadumpha, mimba ikugwedezeka, n'kudumphanso. Basi inabwera ikuliza hutala, iye n'kuikupiza dzanja kuti idikire. Amayi a tomato anagwa nacho chiseko.

"Bambo a buledi apenga! Dzulo galu, lero gule!"

"Gulitsani tomato wanu wowolayo, amayi, musiye amuna agwire ntchito!"

Anabwerera akupuma wefuwefu, nsapato zili zofiira. Anakhala pampando n'kupukuta thukuta.

"Mapaipi a madzi," anatero. "Anthu a zamadzi akumba dzana, akwirira. Kuno amakumba chaka chonse, madziwo osatuluka. Pansipo palibe china. Mwaona nokha?"

"Ndaona, bambo."

"Tidutse?"

Anandifunsa ine, mwana amene ndinamugwetsera m'ngalande. Ndipo sanalize galimoto mpaka nditagwedeza mutu. Tinadutsa pang'onopang'ono. Matayala akutsogolo anakwera, akumbuyo anakwera, tinatsikira pa tara. Ndinapeza kuti ndagwira mkono wake, ndipo iye anayendetsa ndi dzanja limodzi mpaka pa maloboti a ku Limbe.

Tili pa maloboti anafunsa, maso ali kutsogolo.

"Mayi alipo?"

"Alipo. Ku kampu."

"Bambo?"

Ndinayang'ana pansi. Anagwedeza mutu.

"Chabwino. Ine amene ndimamukweza ndi wa kwa Limbuli. Winayo sindikumudziwa."

Zimene anakumana nazo ku bekale sanandiuzepo, ndipo nditafunsa anati zimenezo si za ana asukulu. Chimene anasintha n'chakuti akaona pokumba patsogolo ankaneneratu tili kutali. "A zamadzi awo, akumbanso." Nthawi zina ankati, "Awa ndi a magetsi, aulesi anzawo." Ankanena ngati akungodandaula za mzinda, ine n'kumadziwa kuti akuuza ine.

Munthu ameneyo ankaulula chilichonse. Ndinkadziwa amene wathawa mkazi ku Bangwe, amene wagulitsa mbuzi yakuba, amene amamwa mobisa kuti a kutchalitchi kwawo asadziwe. Koma za ine sanauze munthu, ngakhale mkazi wake. Ndinakwera galimoto ya buledi mpaka kulemba mayeso a Fomu Folo, ndipo kusukulu palibe anabwera kudzafunsa kuti kwathu n'kuti.