Kalata Yanga Pakhoma la a Katswiri

Ndinaganiza zochoka tsiku limene amayi anagwetsa lichero la mpunga. Sikuti anapunthwa ayi. Anali chiimire pabwalo kwathu ku Chia akupeta, zala zinangokana, lichero khuthu pansi, nkhuku n'kuthamangira ngati zaitanidwa. Anayang'ana manja awo kwa nthawi, kenako anati, "Jafali, wola msanga, nkhuku zingamalize." Nyamakazi inali itawapinda zala n'kutupitsa mfundo zonse. Manja amenewo ndi amene anatilera ine ndi mlongo wanga Asiyatu bambo atamwalira, poluka mikeka ya mlaza. Amayi pa mlaza sankanamizika. Wogulitsa akawauza kuti mitolo yonse ndi yabwino, iwo ankamasula umodziumodzi kufunafuna wowola wobisidwa pakati, ine ndikuchita manyazi pamsika.

Inali nthawi ija matipate atangolowa. Aliyense ankati zinthu zasintha, ndipo zinasinthadi. Pakamwa panatseguka, mapasipoti anayamba kutuluka, shuga ndi sopo n'kukwera mtengo. Ine ndinali ndi satifiketi ya Fomu 2 basi, ndipo ndinkapalasa bwato la eni ake. Ndinagulitsa njinga ya malemu bambo, ndinatsanzika amayi ndi amalume, n'kukwera basi ya ku Joni ndi cholinga chimodzi chokha, choti manja aja apeze mankhwala.

Za ku Joni anthu amakonda kunena za magetsi ndi nyumba zosanjikizana. Ine chimene ndimakumbukira ndi kachipinda kakuseri kwa nyumba ya munthu, amuna anayi pa matiresi awiri, ndi chisanu choboola mafupa. Ukalankhula m'minibasi anthu ankakutembenukira n'kukutcha kwerekwere, dzina lawo lonyozera alendo, moti ndinaphunzira kuyenda kukamwa kuli chete. Lachisanu tikatuluka mu mzikiti ndinkachedwa dala pa nsapato, kumvetsera ngati wina angalankhule Chichewa. Kumzikitiko ndi kumene munthu wina anandilumikiza ndi Mayi Fatima, mmwenye woyang'anira laibulale ya sukulu ya madokotala. Ntchito yanga inali kukolopa, kupukuta fumbi ndi kukankha ngolo yobwezera mabuku m'mashelefu.

Apa ndiulule tchimo langa loyamba. Polemba kalata kumudzi sindinatchule za kukolopa. Ndinangoti ndikugwira ntchito kusukulu ya madokotala, pakati pa mabuku awo. Ndalama yochepa ndinkatumiza kudzera mwa madalaivala a mathiraki, ndipo ku Chia nkhani inakula yokha mpaka ena ankati Jafali watsala pang'ono kubaya jakisoni. Asiyatu ankandilembera zimenezi mondiseka. Ine sindinakonze, zinkandikoma.

Chaka chachiwiri kunabwera kalata ina. Asiyatu anati paboma patsegulidwa kachipatala ka munthu payekha, mu sitolo yakale kuseri kwa msika. Mwini wake ankati ndi dokotala wa nyamakazi ndi mfundo, ndipo analembapo nkhani m'magazini a madokotala akunja. Anthu ankangomutcha a Katswiri. Dzina lake lenileni sindilitchula pano, ana ake sanandilakwire. Amalume ankafuna kupita nawo amayi, koma amayi anakana. "Akuti sapita mpaka inu achimwene mufufuze kaye," analemba Asiyatu. "Akuti Jafali amakhala ndi mabuku awo, ngati munthuyu ndi wabodza adzamugwira."

Mu laibulale muja munali mabuku akuluakulu, olemera ngati njerwa, momwe munkalembedwa mayina a onse amene asindikiza nkhani m'magazini a zachipatala, chaka ndi chaka. Ndinkawapukuta fumbi sabata iliyonse. Nthawi ya nkhomaliro ndinawatsegula, n'kutsata zilembo ndi chala. Dzina lija ndinalipeza. Ndinalipezanso m'buku la chaka china, ndi chinanso, konse pamodzi kasanu. Ndinanyada. Pansi pa dzinalo panali mitu ya nkhanizo m'Chingelezi chowuma cha mawu ataliatali, ndipo magazini enieniwo anali m'mashelefu masitepe khumi kuchokera pamene ndinaima. Sindinapiteko. Kufunsa Mayi Fatima ndinaona ngati ndionetsa umbuli. Ndinangowerenga kuti kamodzi, kawiri, mpaka kasanu, n'kutseka buku.

Tchimo lachiwiri ndi limene limandiwotchabe mpaka lero. Ndinatenga pepala la laibulale, lija lokhala ndi dzina la sukulu pamwamba, n'kulemba kuti: "Ndafufuza ndekha m'mabuku a madokotala. Dzina lake lilimo kasanu. Ndi katswiri weniweni, amayi apite osaopa." Kuti zimveke bwino ndinadindapo chidindo chimene tinkadinda m'mabuku obwerekedwa. Ndikakumbukira mmene ndinauzirira inki ija kuti iume, ndimafuna kudzimenya mbama.

Makalata otsatira anali achikondwerero okhaokha. Jakisoni woyamba, amayi anagona tulo. Wachitatu, anagwira mlaza. Alhamdulillah, analemba Asiyatu, mkeka wathunthu watha. Ankabayidwa sabata iliyonse, ndi timapiritsi toyera pamwamba, ine ndikutumiza ndalama mosangalala, ndikudya buledi ndi tiyi wopanda mkaka. Patatha miyezi ngati khumi kunabwera chithunzi chojambulitsa kusitudiyo ya paboma. Amayi atakhala pampando, mpango woyera kumutu, nkhope yozungulira, masaya tuu. Kuseri Asiyatu analemba kuti, "Onani mmene anenepera!" Muyenera kumvetsa zaka zimenezo. Maliro anali tsiku ndi tsiku, munthu akayamba kuwonda anthu ankanong'onezana. Kunenepa kunali madalitso, ndipo palibe ankafunsa kuti kwachokera kuti.

Chithunzicho ndinachionetsa Mayi Fatima kuti anditamande. Anachiyang'ana osamwetulira, n'kuitana dokotala wina wachikulire, mayi wa imvi amene ankabwera kudzawerenga masana. Iyeyo ndiye anali wa nyamakazi weniweni. Anandifunsa kuti amayi akulandira chiyani, kangati, kwa nthawi yaitali bwanji. Nditayankha anavula magalasi. Anati uku si kunenepa, ndi kutupa kwa mankhwala otchedwa kotizoni. Amaziziritsa ululu msanga, n'chifukwa chake odwala amawakonda, koma akachuluka kwa nthawi yaitali amafewetsa mafupa, amapyapyalitsa khungu, amabweretsa shuga. Anandichenjezanso kuti amayi asasiye mwadzidzidzi, achepetsedwe pang'onopang'ono ndi dokotala wodziwa.

Ine ndinalimbabe. Ndinati munthuyo ndi katswiri, dzina lake lili m'mabuku kasanu. Mayi Fatima anandifunsa funso limodzi lokha: "Nkhanizo unaziwerenga?" Ananditumiza ndi ngolo yanga yomwe ija kukatenga magazini onse asanu. Tinawayala patebulo, iye n'kumandilozera zoyenera kuona. Nkhaniyo ikunena za matenda anji? Anaona odwala kapena ayi, ndipo anawatsatira kwa nthawi yaitali bwanji? Akunenapo za kuipa kwa mankhwala? Dzina la munthu wako lili pati pa mndandanda, nanga pansi pa tsamba alemba kuti ntchito yake inali yotani? Nkhani zonse zisanu zinali za nkhono zofalitsa likodzo m'madambo. Dzina lake linali kumapeto kwa mayina ambiri, ndipo pa imodzi panalembedwa poyera kuti anali wothandiza mu labu. Munalibe wodwala nyamakazi ngakhale mmodzi, munalibe chala, munalibe bondo. Munthu wotola nkhono ndi amene ndinamupatsa manja a amayi anga. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma phula langa analidya ndi amayi.

Kalata ikanatenga masabata. Ndinapempha tchuthi, n'kukwera basi, masiku atatu panjira ndikutukwana chamumtima, mwina a Katswiri, mwina ine ndemwe. Nditafika ndinapeza amayi pakhonde. Nkhope inali ya pachithunzi ija, koma chithunzi chinabisa zambiri. Mikono inali yowonda, yodzaza mabanga akuda ngati amenyedwa. Msana unali utapindika. Mwezi umodzi m'mbuyomo anawerama kuti anyamule ndowa, fupa la msana n'kuphwanyika lokha, ndipo kuyambira pamenepo ankaswali chokhala, osatha kufikitsa mphumi pamkeka. Pambali pawo panali chigubu cha madzi, ludzu losatha. Ndinamukalipira Asiyatu kuti bwanji sanandiuze. "Tinkati tisakudandaulitseni, achimwene," anatero akulira. "Komanso a Katswiri anati ndi ukalamba chabe."

M'mawa mwake ndinapita paboma. Pakhonde la kachipatala kaja panali mzere wa amayi achikulire ndi abambo angapo, ena ochokera ku Kanyenda, ena mpaka ku Dwambazi. Ndinawayang'ana nkhope. Ambiri anali ndi masaya a amayi anga. M'kati, pakhoma, munapachikidwa masamba oyamba a nkhani za nkhono zija, m'mafelemu agalasi, Chingelezi chake choopsa chimene palibe wa pamzere akanachimva. Pakati penipeni, mu felemu yaikulu kuposa onse, panali pepala limodzi la Chichewa, lokhalo limene aliyense ankatha kuwerenga kapena kuwerengeredwa. Ndinaona dzina la sukulu pamwamba, chidindo pansi, ndi zilembo zanga zopendama. Amalume anali atawaonetsa a Katswiri kalata yangayo monyadira, iwo n'kuibwereka.

Gogo wina anandikoka malaya. "Kodi si inu a Jafali a kalata? Mulungu akudalitseni, bambo. Ife tinkakayika, koma titamva kuti mwana wa konkuno wafufuza ku Joni, tinabwera tonse."

Ndinalowa osagogoda. A Katswiri anali munthu waulemu, wa tayi ndi jekete loyera, mawu ofewa. Ndinamufunsa kuti nkhono ndi mfundo za anthu zikugwirizana pati. Sanatekeseke n'komwe. "Achimwene, ndinanama pati? Dzina ndi langa, nkhani ndi zenizeni. Kuti ndine katswiri weniweni munalemba ndinu, ine ndinangopachika. Ndiponso funsani anthuwo ngati ululu sukutha. Zinthu zinasintha, aliyense ali ndi ufulu wothandiza anthu." Ufulu! Mawu amene tinawaimira pamzere padzuwa pokavota, iye anawasandutsa chobisalira. Ndinazula felemu pakhoma, galasi phwaa pansi, kalata n'kuika m'thumba.

Panja ndinayesa kufotokozera anthu aja. Ndinkayembekeza kuti akwiya naye, koma anakwiya ndi ine. Bambo wina wa ndodo anati, "Dzana munati ndi wabwino, lero mukuti ndi woipa. Tikhulupirire Jafali uti? Kwina konse amatiuza kuti ndi ukalamba, tizikapuma. Uyu yekha ndi amene amatigwira zala n'kutifunsa kuti zikupweteka pati. Inu mwatibweretsera chiyani m'malo mwake?" Ndinangowapempha kuti asasiye mankhwala mwadzidzidzi, akaonane kaye ndi achipatala. Mzere sunafupike ngakhale ndi munthu mmodzi.

Amayi tinapita nawo ku Lilongwe, kumene anawachepetsera mankhwala aja mwezi ndi mwezi n'kuwayambitsa ena. Nkhope inaphwa, ululu wa zala unabwerera, msana sunawongoke mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. A Katswiri anasamuka okha patapita nthawi, anthu akuti analowera kumpoto ndi mafelemu awo. Ku Joni sindinabwererenso. Masiku ano ndili ndi kagolosale pamsewu, ndipo anthu amandibweretserabe mayina a madokotala ndi timapepala tawo kuti ndione. Ndimawatopetsa ndi mafunso a Mayi Fatima, ndipo pamene sindikudziwa ndimanena kuti sindikudziwa. Ena amachoka atakhumudwa. Kwathu kuno timakhulupirira pepala la chidindo kuposa thupi lathu lomwe, makamaka pepalalo likachokera kutali, ndipo zimenezi zimandipsetsa mtima chifukwa ndinazipezerapo ulemu inenso.

Koma chimene chinandithyola si a Katswiri, si anthu a pamzere. Tsiku lina masana, titabwerako ku Lilongwe, amayi anakhala pakhonde, mtolo wa mlaza uli pamiyendo, akungousisita poti kuluka sankathanso. Ndinawafunsa chimene chinkandidya. "Amayi, miyezi yonse ija, simunkamva kuti thupi likuwonongeka?"

"Ndinkamva," anatero. "Mwezi wachitatu womwe ndinadziwa kuti kunenepa uku si kwanga. Miyendo inkanjenjemera, khungu likangokhudzidwa ndi mlaza, magazi."

"Nanga bwanji simunasiye kupitako?"

"Ndikanasiya, anthu akanati Jafali ananama. Boma lonse linkadziwa kalata yako, mwana wanga. Ndinati bola msana wanga kusiyana ndi dzina lako."

Ndinawauza zonse pamenepo, za kukolopa, za chidindo, za magazini amene anali masitepe khumi ine osawatsegula. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anakankhira mtolo uja kwa ine ndi zala zawo zopindika.

"Zokolopa ndinkadziwa kale, dalaivala wako uja anandiuza chaka choyamba. Ntchito ndi ntchito. Koma Jafali, zaka zonse zija unkandiperekeza kumsika, unandionapo ndikugula mlaza pongowerenga mitolo?"

Ndinamasula chingwe cha mtolowo, iwo akundiyang'ana.