Zilembo Zowonda za Esitele

Esitele atachotsedwa sukulu chifukwa cha mimba, anabwerera kwawo kufupi ndi Kachebere ali ndi chinthu chimodzi chokha, dzanja lake. Asisitere anali atamuphunzitsa kulemba zilembo zowonda, zopendekera, zogwirana ngati dzungu likuyanga.

Mwana atabadwa, amalume ake a Mateyo sanazungulire. "Mvula ikagwa usanapeze chochita, mwanayu apita kwa azakhali ako ku Chipata, iwe ku esiteti ya fodya. Zilembo sadya."

Anali masiku aja oti mumsika sulowa wopanda khadi la chipani, magolosale a pa boma akununkhira sopo ndi palafini. Esitele anabereka mwana wake n'kukapempha a Mwamadi, eni golosale, kuti awalembere chikwangwani. Anachilemba ndi mtima wonse, mchira wa chilembo chilichonse utapindika bwinobwino.

A Mwamadi anakaima tsidya la msewu, n'kupukusa mutu. "Mwana wanga, izi n'zilembo kapena nyerere zikupita kumaliro? Wa lole wochokera ku Zambia awerenga zimenezi ali pa liwiro?"

Pakhonde anthu anafa nalo phwete. A Mwamadi anachifafaniza chikwangwanicho ndi penti, kumwamba mitambo itayamba kale kusonkhana.

Koma mayi Zuhra, akazi a Mwamadi, anali atachiyang'ana chapafupi. Anamukokera Esitele kuseri.

"Asiye bambowa, amaona zakutali zokha. Zakozi si za mumsewu ayi, n'zoti munthu azigwire m'manja. Mwana wanga Tatu akukwatiwa. Ungamulembere dzina pa mapilo ndi ulusi?"

Kupeta sankakudziwa, koma anavomera. Ankayamba walemba ndi pensulo pansalu, kenako n'kumatsata ndi singano. Zala zinatupa. Akaphatikiza ulusi uwiri zilembo zinkanenepa n'kutaya ulemu wake, ndiye ankamasula n'kuyambiranso ndi ulusi umodzi, mwana akuyamwa pamiyendo.

Pa ukwati wa Tatu, amayi ankalandirana mapilo aja, aliyense akusisita dzinalo ndi chala. Kenako anayamba kubwera okha. Wina mpango, wina nsalu ya ubatizo, wina makadi oitanira anthu ku ukwati.

Mvula yoyamba inamupeza akupeta pakhonde lomwe lija anamusekera. A Mateyo anathawira mvula pomwepo. Anatola nsalu imodzi, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Ku Chipata n'kutali," anatero. "Mwanayu akulire pano."

Mpaka lero m'nyumba zina ku Mchinji mapilo aja akadali pansi pa sutikesi. Ulusi unasuluka, koma mayina akuwerengekabe.

Mayi mnzanga, ngati anakusekani, mwina ntchito yanu sinalakwike, munangoipachika patali ndi maso oyenera. Isendezeni pafupi, masulani, yambiraninso. Osataya mtima, dzanja mukadali nalo.